Loweruka Limene Bambo Anabwera ku Leiden

1

Foni inalira Lachiwiri masana ndili pa njinga, chikwama cha chakudya cha makasitomala chili kumsana. Nditaona kuti ndi Bambo, ndinakhotera m'kanjira kopanda phokoso n'kuvula chipewa cha kuntchito, ngati kuti akanatha kuchiona pa foni.

"Hidde, ndikubwera Loweruka. Sitima ifika 10:12."

"Kubwera kuti, Ababa?"

"Ku Leiden kwanuko. Kodi uli ndi kwinanso?"

Bambo anga, a Douwe Wiersma, anayendetsa galimoto yonyamula mkaka zaka makumi atatu ndi zisanu m'midzi ya kwathu ku Friesland, ndipo mzinda saufuna n'komwe. Tsiku limene ndinkasamukira ku yunivesite anangotsitsa katundu wanga pakhomo n'kubwerera, injini osazimitsa.

"Mayi ako anandisiyira pepala," anatero. "Zinthu zisanu ndi ziwiri zoti ndichite iwo akapita. Zinayi ndachita. Makina ochapira ndawaphunzira, ngakhale malaya anga onse tsopano ndi otuwa. Chachisanu akuti: pita ku Leiden, Hidde akakuonetse zithunzi kumene amagwira ntchitoko. Ndiye ndikubwera kudzaona zithunzi, a Pulofesa."

Anadula foni. Bambo satsanzika.

Amayi, a Aukje, anamwalira mu Juni, ndipo uwu unali Okutobala. Kwathu aliyense ankadziwa kuti Hidde anamaliza digiri ya mbiri ya zojambula, ndipo analembedwa ntchito yoonetsa alendo mu myuziyamu ina ku Leiden. Zoona zake n'zakuti sukulu ndinaisiya chaka chachiwiri chili pakati. Ndinalakwa mayeso kawiri, kenako ndinayamba kuopa khomo la kalasi, kenako ndinangosiya kupita. Mlungu umene ndinakonza zokaulula kwathu ndi umene madokotala anapeza khansa m'mimba mwa Amayi. Ndinati ndidikire kaye apeze bwino.

Mwina mukuti ili ndi bodza laling'ono, ana ambiri amalinena. Mukunena zoona. Ndikanakhala kuti ndinangonama za sukulu, sindikanakulemberani.

2

Masiku atatu otsatizana ndinapita ku myuziyamuyo ngati mlendo wamba, kabuku m'thumba. Ndinkaloweza mayina a ojambula ndi zaka zawo. Ndinkaona khomo limene antchito amalowera, komwe kuli zimbudzi, ndi mlonda amene amakonda kucheza ndi anthu kuti ndidzamupewe. Tsiku lachitatu, ndikulemba pafupi ndi chithunzi cha asodzi akukoka ukonde, wina anandimenya paphewa.

"Hidde Wiersma! Tinkayesa unagwera m'ngalande."

Anali Maaike, yemwe ndinkakhala naye benchi limodzi chaka choyamba. Pachifuwa pake panali baji ya myuziyamuyo. Ntchito imene ine ndinkanamizira kwathu inali yake yeniyeni.

Ndinamukokera pakona n'kumufotokozera theka la nkhani. Anandimvetsera atapinda manja.

"Ndiye ukufuna ndichite chiyani? Ndikubwereke baji? Pali chithunzi changa, ndipo ndevu ndilibe."

"Ayi. Ukationa Loweruka, ungondipatsa moni ngati timagwira limodzi."

"Moni ndikupatsa, ndi waulere. Koma akuluwo akandifunsa funso, ndiwayankha zoona. Ine ndikanama makutu amafiira, aliyense amaona."

"Mayi anga anamwalira, Maaike."

Nkhope yake inafewa. Anandigwira mkono.

"Pepa, Hidde. Sindinamve. Pepa kwambiri." Kenako anandisiya mkono. "Koma yankho langa silisintha. Bwanji osangowauza? Ndi sukulu chabe. Palibe munthu amene anafa chifukwa choti wina wasiya sukulu."

Ndinangomuyang'ana. Kenako ndinatuluka ndisanamalize chipinda chomaliza.

3

Loweruka, Bambo anatsika sitima atavala jekete lomwe anavala pa maliro, atanyamula thumba lansalu limene Amayi ankapita nalo kumsika. Munali buledi wa tchizi wa anthu awiri ndi fulasiki.

"Khofi wa mumzinda ndi wa anthu opanda nyumba," anatero. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Waonda. Miyendo yokha ndiyo yakula. Zithunzi zimakuthamangitsa?"

"Masitepe ndi ambiri, Ababa."

Tinayenda m'mbali mwa ngalande, kamvula kakuwaza. Bambo anatulutsa foni ya Amayi, poti yawo ilibe kamera, n'kuyamba kujambula. Alendo ena ankajambula nyumba zakale ndi maboti. Iwo ankajambula mabawuti a mlatho ndi mmene njerwa anazipangira mumsewu.

"Taona apa. Amene anayala izi ankadziwa ntchito. Osati anyamata a masiku ano."

Pa mlatho wachiwiri, njinga inaima mwadzidzidzi pafupi nafe. Anali mnzanga wa kuntchito, chikwama chofanana ndi changa kumsana.

"Hidde! Lero wapuma? Ife tikufa ndi maoda kuno!"

Ndinangokweza dzanja. Iye anapalasa n'kupita.

"Ndani ameneyo?"

"Amatibweretsera chakudya kuntchito."

"Hm. Ntchito ya galu, pamvula chonchi. Ayenera kuti sanamvere makolo."

Ndinaseka nawo.

Tinakhala pa benchi kuti amwe khofi wawo. Anatsegulanso foni ija n'kundionetsa mwana wa mchemwali wanga Renske, atagona chagada, nkhonya zili mmwamba. Anamutcha Aukje.

"Mphuno ya agogo ake iyi. Ngakhale kukwiya kwake." Anasisita galasi ndi chala chachikulu. "Masiku makumi awiri okha, Hidde. Akanangodikira..."

Sanamalize. Kwathu palibe amene amamaliza chiganizo chimenechi. Mwanayo tinkamuyembekezera pakati pa Ogasiti, ndipo madokotala anali atanena kuti Amayi sangafike Ogasiti. Koma anabadwa milungu isanu nthawi isanakwane, pa 9 Julayi, masiku makumi awiri chimwalirire Amayi.

"Tiyeni, Ababa," ndinatero. "Anthu achuluka tikachedwa."

4

Matikiti ndinali nditagula kale pa foni.

"Wantchito amalipiranso?"

"Tsiku lopuma timalowa ngati wina aliyense."

"Akuba."

Thumba lawo lija tinalitsekera m'kabati ya pakhomo, kiyi ndinasunga ine. M'chipinda choyamba Bambo ankayenda chonyang'ama, manja kumbuyo, kunong'ona ngati m'tchalitchi. Pofika chipinda chachitatu anali atazolowera. Anaima patsogolo pa chithunzi chachikulu cha ng'ombe zili m'dambo.

"Iyi ikudwala."

"Ndi chithunzi cha zaka mazana atatu, Ababa."

"Ndiye yadwala zaka mazana atatu. Taona bere lake mmene lapendekera. Amene anajambulayu sanakamepo ng'ombe."

Mayi wina amene anaima pambali pathu anaseka mpaka kugwira pakamwa.

Ndinayamba kuwafotokozera. Poyamba ndinkangotchula zomwe ndinaloweza, koma titafika pa kachithunzi ka mtsikana akusenda zipatso pafupi ndi windo, ndinaiwala kabuku kaja. Ndinawaonetsa mmene kuwala kumalowera kumanzere n'kukafera pa khoma, ndi kadontho kamodzi koyera kamene kamachititsa mpeni kuoneka wonyowa. Ndinawauza kuti abwerere mmbuyo masitepe atatu aone kadonthoko kakusanduka chitsulo. Anabwerera, n'kuyandikira, n'kubwereranso.

"Satana," anatero chapansipansi. "Zoonadi."

Anthu angapo anali ataima kumbuyo kwathu kumvetsera. Bambo anatembenuka, chifuwa chili patsogolo.

"Mufunseni chilichonse. Ndi mwana wanga uyu, amagwira ntchito pompano."

Mlonda wa pakhomo anadzutsa mutu n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Ndinkadikira kuti abwere, anene kuti pepani bambo, munthu uyu sitimudziwa. Koma wailesi yake inalira, ndipo anachoka mofulumira.

Ola limodzi limenelo ndi lokhalo limene ndinagwira ntchito ya bodza langa, ndipo ndinaigwira bwino. Ndinayamba kukhulupirira kuti ndipulumuka. Zipinda ziwiri zokha zinatsala, kenako sitima ya 4 koloko.

5

Mlonda uja anabwerera akupempha anthu kuti apatuke. Kumbuyo kwake anthu awiri ovala zobiriwira ankakankha bedi la matayala. Panagona mkulu wina woonda ngati bango, atafunda bulangeti mpaka m'khosi, mkazi wake akuyenda pambali atamugwira dzanja. Anali a ambulansi ina ya anthu ongodzipereka, imene imanyamula odwala otsala pang'ono kutsirizika kupita nawo komwe akufuna kukaona komaliza, kaya ndi kunyanja, kaya ndi kukhola la mahatchi awo. Uyu anafuna chithunzi. Amene ankawatsogolera anali Maaike.

Anaimitsa bedilo patsogolo pa chithunzi cha ngalawa zili m'chimphepo, n'kulikweza kumutu. Maaike anagwada n'kumalankhula naye chapansipansi.

Bambo anavula chipewa.

"Bedi ngati limeneli ndi limene Renske anawakonzera mayi ako," ananong'ona. "Akanagona pomwepa. Iwe ukanagwada monga wagwadira mtsikanayo."

"Tiyeni kuchipinda china, Ababa."

"Ima kaye. Ulemu."

Tinaima mphindi ngati khumi. Kenako analitembenuza bedilo, ndipo Maaike, podutsa pafupi nafe, anasunga lonjezo lake.

"Moni, Hidde."

Akanangodutsa. Koma Bambo anali atatambasula kale dzanja.

"Mayi, mumagwira ntchito ndi mnyamata wangayu? Ndine bambo wake."

"Tinaphunzira limodzi, bambo. Pepani ndi maliro a mayi."

"Zikomo. Mwagwira ntchito yabwino apa, ndaona." Anapukusa chipewa m'manja. "Ndiye mundithandize, poti uyu ukamufunsa amangoti sanalengeze. Mwambo wanu wolandira madigiri uja anausuntha kuti udzachitike mu Okutobala, ndi tsiku liti? Mwezi ukutha uwu. Ine jekete ndinachapitsa kale."

Maaike anandiyang'ana. Ndinapukusa mutu pang'ono chabe, kumupempha ndi maso. Makutu ake anayamba kufiira. Iye sankadziwa kuti funsolo linanyamula chiyani.

"Sunasunthidwe, bambo. Unachitika pa 12 Julayi."

"Pa 12 Julayi."

"Inde."

"Chaka chino."

"Inde, bambo. Ine ndinalipo."

"Hidde analipo?"

"Zimenezo mumufunse yekha," anatero, n'kuthamangira bedi lija.

Bambo sanandifunse. Anayang'ana pansi, milomo ikuyenda ngati akuwerenga. Ndinaona nthawi imene anafika pa yankho, chifukwa khosi lawo linafiira kenako nkhope yonse inatuwa. Anavala chipewa n'kutuluka, osathamanga, osacheuka.

6

Ndinataya nthawi pa kabati ija. Kiyi inagwa kawiri ndisanatsegule. Nditatuluka panja ndi thumba, anali atasowa. Ndinaimba foni yawo, inali yozimitsa monga mwa nthawi zonse. Ndinaimba ya Amayi, ndipo inalira m'thumba lomwe ndinanyamulalo.

Ndinathamanga mlatho ndi mlatho, kusuzumira m'madzi. Renske anali atandiuza kuti chichitikire maliro, Bambo amakaima m'mbali mwa ngalande ya kuseri kwa mudzi nthawi yaitali, osachita kanthu. Paliponse pamene ndinaona anthu atasonkhana, ndinkathamangira pomwepo. Ndinafunsa wogulitsa nsomba, ndinafunsa woyendetsa boti la alendo. Mkulu wamtali wa jekete lakuda? Onse ankapukusa mitu.

Tsopano ndikuuzeni chimene Bambo anawerenga pansi paja.

Pofika mu Meyi, Amayi anali atagona pa bedi la pabalaza, pafupi ndi windo. Mankhwala ankangochepetsa ululu maola ochepa. Mapepala anali atasainidwa kale. Dokotala wa m'mudzi mwathu anavomera, dokotala wachiwiri anabwera kudzawafunsa paokha monga lamulo limanenera, nayenso anavomera. Chinangotsala n'chakuti Amayi atchule tsiku limene dokotala adzabwere ndi jakisoni wowagonetsa kosadzukanso.

Tsikulo sankalitchula. Ankadikira ine.

"Mdzukulu wangayo sindimuona, ndavomereza," anandiuza. "Koma pa 12 Julayi ndifika. Ndidzakuona ukulandira pepala lako, kenako udzandionetse zithunzi zako. Renske wakonza kale ambulansi. Ndikakabwerako, adokotala abwere."

Tsiku la 12 Julayi lija ndinawapatsa ndine, kalekale, nditaliona pa kalendala ya yunivesite. Sindinkaganiza kuti adzafika pafupi nalo. Koma Amayi anali munthu wamakani. Anasiya kudya, anatsala mafupa okhaokha, koma m'mawa uliwonse ankadula tsiku limodzi pa kalendala ya pakhoma. Ine ndinkaona ambulansi ija m'maganizo, itaima pakhomo pa holo, mudzi wonse uli kumbuyo, mayina akuitanidwa, langa osamveka.

Lachisanu pa 13 Juni ndinaimba foni. Ndinati zotsatira zatuluka, ndakhoza. Ndinamva Renske akukuwa, Bambo akumenya tebulo. Kenako ndinati pali vuto limodzi, mwambo ausuntha, udzachitika mu Okutobala.

Kenako mawu a Amayi, ofooka koma osangalala.

"Okutobala ndi kutali, mwana wanga. Koma wakhoza, basi ndamva. Ndiye palibenso chodikira."

Anasankha Lachinayi lotsatira, 2 koloko masana. Bambo anapachika chikwama changa chakale cha sukulu pa mtengo wa mbendera, monga timachitira mwana akakhoza, ndipo anansi anabwera ndi makeke. Patapita masiku asanu ndi limodzi, mbendera yomweyo inatsitsidwa pakati.

Akanadikira 12 Julayi, mwana wa Renske akanawapeza ali moyo.

7

Ndinawapeza pa siteshoni, kumapeto kwenikweni kwa pulatifomu, atakhala pa benchi manja ali pa mawondo. Anali ouma, anali moyo. Kenako mantha ena anabwera m'malo mwa oyambawo.

"Khala pansi," anatero osandiyang'ana. "Sitima ziwiri ndazisiya zipite."

Ndinakhala, thumba lili pakati pathu.

"Unasiya liti?"

"Febuluwale, chaka chatha."

"Umadya chiyani?"

"Ndimapalasa njinga. Ngati mnyamata uja wa pa mlatho."

Anagwedeza mutu.

"Lachisanu lija unaimba uli kuti?"

"Kuseri kwa lesitilanti ina. Pafupi ndi mabini."

"Pa mabini." Anapuma mozama. "Ine ndinakwera makwerero ndi bondo langa ili kukapachika chikwama chako. Mayi ako anati ndikankhe bedi, aone bwino pa windo. Anaombera m'manja, Hidde. Manja aja."

Ndinayamba kulira. Sanandiletse, sanandigwire.

"Chifukwa chiyani?"

Yankho ndinali nalo. Ndinali nditalikonza miyezi inayi, ndipo pena ndinkalikhulupirira.

"Ankavutika, Ababa. Ankapirira ululu wonse uja kudikira chinthu choti kulibe. Ndinaona kuti ndi bwino ndiwamasule."

"Ayi." Ananditembenukira koyamba. "Limenelo usunge, ukanamize nalo ena. Mayi ako ndinkawasambitsa ndine. Za kuvutika kwawo usandiphunzitse. Ukanafuna kuwamasula ukanawauza zoona, asankhe okha. Ndikufunsanso. Chifukwa chiyani?"

Sitima ina inalowa mbali inayo, anthu anatsika, inapita. Bambo ankadikirabe.

"Ndinkaopa," ndinatero. "Ndinkaopa kuti afika pa 12 Julayi ali moyo."

Mawuwo atatuluka, ena onse anatsatira okha.

"Atatchula Lachinayi lija, mtima wanga unakhala pansi, Ababa. Ndinagona tulo tabwino koyamba chaka chonse. Ndinadziwa kuti sadzadziwa."

Ndinkayembekezera kuti andimenya. Sanandimenyepo chibadwire, koma manja awo aja ndinawaona akufumbata. Ndikanakonda akanandimenya. Anangokhala, akuyang'ana njanji.

"Ine ndinkawapempha kuti asiye kudikira," anatero patapita nthawi. "Tsiku ndi tsiku. Ndinkati Aukje, mwanayo amvetsa, itana adokotala. Ankanditukwana. Tsiku limene unaimba lija, nditatsika pa makwerero, ndinalowa m'shedi n'kuthokoza Mulungu. Osati chifukwa cha digiri yako. Chifukwa choti zitha." Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Ndiye ine sindingakuweruze bwino. Sindikudziwa ngati unawabera masiku kapena unawachotsera. Ndikungodziwa kuti sanali ako."

"Pepani, Ababa."

"Usapepese ine. Mchemwali wako pobereka ankakuwa m'chipatala kuitana mayi ake. Ndinamva ndili m'khonde. Mpaka lero amadziimba mlandu kuti bwanji sanawakakamize kudikira."

Ndinawatembenukira.

"Musamuuze, chonde. Ndikupemphani."

"Sindimuuza. Umuuza ndiwe, mawa, pamaso. Ukapanda kubwera, kwathu usadzabwerenso, ngakhale pa maliro anga."

Sitima yawo inafika. Anatenga thumba, n'kukwera. Anakhala mbali ya windo loyang'ana kwina.

8

Ndinapita. Maola atatu a ulendo, ndipo pa siteshoni iliyonse ndinkafuna kutsika.

Renske ananditsegulira akuseka, mwana ali paphewa.

"Taonani amalume a mumzinda! Wabwera ndi chiyani, kapena manja okha ngati kale?"

Ndinamuuza kukhitchini, ndili chiimire. Sindinasiye kanthu, ngakhale za tulo tija. Iye ankangoyendayenda, kusisita mwana kumsana, ndipo kusisitako kunkachepa pang'onopang'ono mpaka dzanja linaima.

"Akanafika pa 9 Julayi?" anafunsa.

"Sindikudziwa."

"Ndikukufunsa, Hidde. Unawaona mlungu womaliza uja. Akanafika?"

"Mwina. Sindikudziwa, Renske."

"Akanafika," anatero. "Amayi akati afika, ankafika."

Anaitana mwamuna wake n'kumupatsa mwana, kenako anakatsegula chitseko chakunja.

"Miyezi yonseyi ndimati ndi tsoka chabe, masiku anangophonyana. Tsoka ndimatha kukhala nalo. Tsopano ndikamuyang'ana mwanayu ndiziona iwe uli pa mabini. Pita. Ndikadzafuna kukuona ndidzakuuza ndekha."

Papita miyezi isanu ndi iwiri. Sanandiuze. Bambo amaimba Lamlungu lililonse, timakamba za mvula ndi za bondo lawo, mphindi zitatu, kenako amadula. Ndinamva kwa iwo kuti Aukje wamng'ono wayamba kukwawa chammbuyo. Njinga ndikupalasabe.

Inu amene mukuwerenga, ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kundipezera chifukwa. Muti mayiyo anafa mokondwa, ululu unafupika, mwanayo sakanadziwa kuti mdzukulu afulumira. Anzanga awiri amene ndinawauza ananena zomwezo, ndipo zonsezo ndi zoona. Amayi anafadi akumwetulira. Dokotala atakhala pambali pa bedi, Amayi anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Iwe ndiye sindikudera nkhawa."

Mawu amenewo ndi amene amandidzutsa. Anawanena kwa mwana amene kulibe. Amene ankafunika kumudera nkhawa anali ataima pomwepo, ndipo anapita osamudziwa. Sanandikhululukire, chifukwa sindinawapatse choti akhululuke.

Ngati muli ndi kanthu kamene mukudikira nthawi yabwino kuti mukanene kwanu, dziwani kuti kwanuko sakhala chete kudikira inu. Akukonza zinthu zawo poyang'ana zimene munawauza. Kwathu anakonza imfa.

Ndikanawauza zoona Lachisanu lija, Amayi akanakwiya. Akanandiitanitsa tsiku lomwelo, akanandikhazika pa mpando pafupi ndi bedi n'kundikalipira ndi kamawu kaja kotsala, kufunsa kuti ndibwerera liti kusukulu, ndalankhula ndi ndani, mapepala ali kuti. Sakanalola kufa nkhaniyo isanathe. Ndipo ine ndimawadziwa mayi anga: mkwiyo wawo sunkazirala m'masiku makumi awiri okha.